Manda a Bambo Anga Adamera Nthochi

Bambo anga ali ndi manda, koma ali moyo. Mandawo ali kumsitu wa kwathu kuno ku Mlangeni, mukangolowa cha kumanzere, pomwe padali phata la nthochi mpaka chaka chino. Eni ake m'mawa uno amwa phala, akalipira nkhuku, ndipo pano akuwothera dzuwa pakhonde. Dzina lawo ndi a Yoramu, mfunda wawo ndi aNyoni. Ine ndine Zelesi, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndimagulitsa mbatatesi pamsewu. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa ndatopa ndi anthu ofunsa mozungulirazungulira ngati akugwira nkhuku ya eni.

Bambo adapita ku Joni atangokwatira mayi anga, a Regina, monga ankachitira amuna ambiri a kuno masiku amenewo. Chaka chachiwiri mgodi womwe ankagwirako udagumuka. Munthu wina wa ku Kandeu, yemwe ankagona nawo chipinda chimodzi, adafika kumudzi ndi bulangete lawo, jekete ndi mbale yachitsulo, n'kunena kuti onse a m'dzenje limenelo adatsikira komweko. Sadaname dala. Iye adaona anthu akutulutsidwa atafunditsidwa kumaso, ndipo bambo sadabwerere kuchipinda. Sadadziwe kuti mnzakeyo ali gone m'chipatala chakutali, mutu utang'ambika, osakumbukira ngakhale dzina lake.

Kwathu kuno maliro salira m'malere. Munthu akafera kutali thupi osaoneka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti olira akhale ndi poyang'ana ndiponso kuti wamasiye amete. Apa mpamene padalakwika. Anyamata omwe adatumidwa kudimba adaiwala chikwanje, ndipo m'malo mobwerera adangozula nthochi yanthete ndi khasu, chitsa chake chili pompo. Mmodzi wa anyamatawo ndi a Eliya, omwe lero ndi mkulu wa adzukulu, okumba manda a m'mudzi muno. Adzukulu a nthawi imeneyo nawo, poona kuti palibe thupi loti fisi n'kufukula, adakumba kadzenje kolekeza m'mawondo. Adakulunga nthochi ija m'bulangete, jekete ndi mbale pambali pake, ngoma idavinidwa, mayi adameta. Mvula itagwa, pamtumbira padatuluka tsamba.

Nthochi ndi nthochi, abale inu. Ngakhale mutaiponya kudzala imamera. Koma kauzeni zimenezo anthu omwe adaona tsamba laliwisi likutuluka pamanda a munthu, kenaka patangopita zaka ziwiri munthu yemweyo n'kutsika basi tsiku lamsika, dzuwa lili paliwombo, sutikesi ili pamutu. Amayi a tomato adathawa kusiya malonda. Agogo anga, mayi awo owabereka, adawawaza dothi kumaso kuti aone ngati azimirira. Mayi anga okha ndiwo adawagwira dzanja, n'kuyang'ana chipsera cha m'mutu, n'kukawatenthetsera madzi osamba. Ine ndidabadwa chaka chotsatira.

Za mandawo akuluakulu adakangana. Akubanja ankati afukulidwe, nthochi itayidwe, mtumbira usalazidwe, ndipo uphikidwe mowa. Akumpingo ankati manda opemphereredwa safukulidwa, nanga mowa ukulowapo bwanji? Mkangano udakalamba, okanganawo adayamba kutsogola mmodzimmodzi, nthochi ija n'kumangophukira ana. Komabe anthu adazolowera. Mantha a m'mudzi amatha okha ngati chimfine. Bambo adabwerera pamzere wovina ngoma, adatsegula munda wa mbatatesi m'mbali mwa phiri, ndipo nkhani ikadafera pomwepo pakadapanda aphunzitsi a Cosmas.

A Cosmas adabwera pasukulu ya kwathu ine ndili mu sitandade yoyamba. Adali munthu wansangala, wokonda bawo, waulemu mpaka wonyanya. Loweruka lililonse ankafika pakhomo pathu, kudya mbale imodzi ndi bambo, n'kumafunsa. Pansi pa mgodi pamanunkha bwanji? Mudamva bwanji mutaima pamanda anuanu? Bambo ankakhuthula zonse. Mayi ankawachenjeza kuti, "Bambo a Zelesi, munthu wofunsa chonchi amakhala ali ndi thumba loikamo." Iwo ankayankha kuti, "Asiyeni. Ndi okhawa amene amafunsa ine, ena onse amakafunsa kwa anansi."

Aphunzitsiwo atasamutsidwira ku Kasinje, buku lidatuluka. Mutu wake udali wakuti Gibson Wabwera. Ngati mudapita kusukulu zaka zimenezo mudaliwerenga, musakane, ndipo ena mudakodzera pamphasa chifukwa choopa kutuluka. Gibson wa m'bukumo adafera kumgodi, adamuikira nthochi, nthochi idamera, iye n'kutulukira ndi sutikesi. Sadya mchere. Akaima padzuwa alibe chithunzithunzi. Akapatsa mwana moni wa m'manja, mwanayo saona mwezi wotsatira. Kumapeto anthu a m'mudzi atenga makasu kukaona chomwe chili pansi pa nthochi, khasu loyamba ligunda pansi, buku n'kuthera pomwepo. Ndinene chilungamo, adalemba bwino munthu ameneyo. Ine ndemwe, mwana wa Gibson, ndidaliwerenga thupi lonse lili tsemwe.

Dzina adasintha, mudzi adasintha, koma ndi mudzi uti wina womwe uli ndi nthochi pamanda? Chimfine chija chidabweranso, ulendo uno chosindikizidwa. Anthu omwewo odziwa bwinobwino za chikwanje choiwalika adayamba kukoka ana awo bambo akamadutsa. Akalowa pamzere wa ngoma, oyandikana nawo ankamva ludzu mwadzidzidzi. Chaka chomwe chikuku chidapha ana m'mudzi, denga lathu lidalandira miyala. Kusukulu palibe ankanditchula Zelesi, ndidali mwana wa mzukwa, ndipo ndidamenya anthu mpaka aphunzitsi adatopa nane. Ngati ndili ndi pakamwa lero, padayambira pamenepo.

Bambo sadamenye munthu. Adatsuka kachitini ka fodya wa m'mphuno, n'kuthiramo mchere. Akakhala pagulu, kaya ndi pamaliro, kaya ndi pamsika, ankakatsegula mochedwetsa kuti onse aone, n'kutapa ndi chala, n'kunyambita. Adasiya kuyenda mumthunzi. Ngakhale dzuwa la mu Okutobala, inu mukubisala pansi pa mitengo, iwo ali pakati pa msewu, chithunzithunzi chawo chili pambali poyera. Ndipo manja awo adawabweza kumbuyo. Kuyambira chaka chimenecho sadakhudzenso mwana wa munthu, kuopa kuti angadwale iwo n'kunamiziridwa. Ana anga omwe, zidzukulu zawo, adakula osanyamulidwapo ndi agogo awo. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Miyala ija itagwa padenga, bambo adatsika wapansi kupita ku Kasinje kukaonana ndi a Cosmas. Mayi adaganiza kuti kukachitika ndewu. Adabwerako nkhope ili ngwee, ngati munthu wowina mlandu. Mawu omwe adabwera nawo ndidawamva kambirimbiri moti ndingathe kuwanena ndili m'tulo.

"Andiuza kuti, 'ANyoni, nkhaniyi sidathe ayi. Buku lachiwiri likubwera. Akadzakumba adzapeza nthochi chabe, ndipo adzadziwa kuti akhala akuzunza munthu wamoyo. Dziko lonse lidzachita manyazi.'"

Mayi adafunsa kuti, "Lituluka liti?"

"Ati akulemba."

Ati akulemba! Ndidakwatiwa akulemba, ndidabereka akulemba, ukwati udatha akulemba. Aliyense wochokera kutauni bambo ankamufunsa ngati latuluka, mpaka anyamata a pasiteji adasandutsa moni. Ankangoti, "Latuluka, agogo?" Iwo, osadziwa kuti akusekedwa, ankayankha mwaulemu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakatipa mwayi udabwera. Kumpingo kudafika mbusa wina wodekha, yemwe adakhazika pansi akubanja ndi akumpingo mpaka adamvana kuti mandawo asalazidwe, popanda mowa, nthochi izulidwe, nkhani ithe. Tsiku lidasankhidwa. Mukudziwa yemwe adakana? Bambo anga omwewo.

"Mukasalaza lero, adziwe ndi a m'mudzi muno okha," adatero. "Nanga a ku Lilongwe, a ku Zomba, onse omwe adandiwerenga? Lidandipha ndi buku, lindidzutse ndi buku lomwelo. Tsiku limenelo anthu adzabwera kudzaona nthochiyi, ndiye aipeze."

Ndidawakalipira tsiku limenelo mopitirira muyeso wa mwana. Mayi adangolowa m'nyumba n'kukalira. Adamwalira patapita zaka zingapo, ndipo adaikidwa pafupi ndi nthochi ija, poti mkazi amagona pambali pa mwamuna wake. Mwamunayo adaima chapatali, padzuwa, manja ali kumbuyo.

Ukalamba udafika. Maso adachita ng'ala, miyendo idayamba kutupa. Anamwino adawapeza ndi kuthamanga kwa magazi, n'kuwauza kuti mchere ausiye ngati akufuna kuona zidzukulutudzi. Bambo adawayamika bwinobwino, ndipo titangotuluka panja pomwe padali anthu, adatsegula kachitini. Nditawalanda adandigwira mkono mwamphamvu yomwe sindinkadziwa kuti akadali nayo. "Iwe Zelesi, ukufuna anthu anene kuti chiyani?" Ndidawabwezera.

Chaka chatha wailesi idalengeza kuti a Cosmas amwalira ku Blantyre. Bambo adatembenukira kukhoma, phala osalikhudza. Ine mumtima ndidati zathera pomwepa, mwina tsopano avomera zosalaza. Koma nthawi yokolola isanakwane wailesi yomweyo inabweranso ndi chimwemwe. Mwana wa malemuwo, a Allan, wamaliza buku lomwe bambo ake adasiya lili pakati, ndipo Gibson wachiwiri atuluka chaka chino.

Dziko linapenga. Pamsewu pomwe ndimagulitsa, makondakitala a minibasi ankakangana za chomwe chili pansi pa nthochi. Ana obadwa dzulodzuloli ankaonetsana chikuto chatsopano pafoni. Tsiku lina inaima galimoto yabwino, munatsika mayi wina wamagalasi, wamsinkhu wanga. Ndikumupimira ndowa ya mbatatesi, iye ali kuuza mnzake kuti, "Ine ndakhala ndikudikira kuyambira ndili kusekondale. Ndikufuna Gibson ameneyu andisowetse tulo mwezi wathunthu, apo ayi andibwezere ndalama zanga." Anaseka, nanenso ndinaseka, poti wogula sakwiyiridwa. Koma kusekako sikunakhalitse. Ndinazindikira chinthu chomwe ndinkachizemba zaka zonsezi. Palibe munthu amadikira buku kuyambira utsikana mpaka imvi kuti likamuuze kuti mzukwa kulibe. Palibe amagula buku kuti achite manyazi.

Kunyumba ndinapeza bambo atatulutsa jekete lawo lakutchalitchi kuti ndilichape. Nsapato anali atapukuta okha, mopapasa.

"Bambo," ndinatero, "nanga likatuluka lisananene zomwe adakulonjezani?"

"Mphunzitsi sanama kwa munthu yemwe adadya naye mbale imodzi."

"Adakunamizirani kale kwa dziko lonse, bambo."

"Ija idali theka la nkhani. Sumaweruza mlandu utamva mbali imodzi." Kenaka anamwetulira. "Ndakonza kale zodzanena. Ndidzawakhululukira onse. Koma a Eliya ndidzawadikiritsa pang'ono, aone mmene zimakhalira."

Tsiku lotulutsa bukulo linasinthidwa, ati mapepala akwera mtengo. Linasinthidwanso, ati makina awonongeka. Chisanu cha mu Juni chinafika, chija cha kuno cholowa m'mafupa, ndipo bambo anagwidwa chifuwa chomwe chinkawapinda pakati. Ndinkaphika ndikumvetsera ngati akupuma. Sindinkadziwa choti ndipemphe kwa Mulungu. Ndikati awasunge mpaka buku lifike, ndinkaopa bukulo. Ndikati awatenge lisanafike, akadali ndi chiyembekezo chawo, ndinkadziona ngati mfiti. Iwo akatsokomola ankangoti, "Usade nkhawa. Ndidafa kale kamodzi popanda chilolezo changa, ulendo uno imfa idikire."

Chifuwa chinatha, ndipo mwezi wa Ogasiti, mphepo ili kuulutsa fumbi, m'mudzi munalowa galimoto. Anali a Allan ndi anzawo awiri onyamula makamera. Anali atamva kuti nthochi ya m'buku ilipodi, ndiye amafuna kuijambula kuti alengezere malonda. Mbiri itafika pakhomo, bambo anavala jekete lija pamwamba pa malaya ogonera n'kundiuza kuti ndiwatsogolere.

Tinawapeza pakhomo la msitu akukambirana ndi a Eliya. A Allan anali munthu wa zaka makumi anayi ndi mphambu, nkhope ngati ya bambo ake, waulemu chimodzimodzi. Bambo anaima padzuwa n'kuvula chipewa.

"Ndinu mwana wa aphunzitsi? Ine ndine Yoramu Nyoni. Gibson uja ndine."

A Allan anayamba kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala za okalamba. Ataona kuti palibe wina akuseka, anayang'ana a Eliya, ndipo a Eliya anagwedeza mutu movomereza. Nkhope ya munthuyo inagwa.

"Pepani agogo," anatero. "Bambo ankati nkhaniyi adaimva kwa munthu wina wa kuno, koma ankati munthuyo adamwalira kalekale."

"Eya, n'zimenezo ndikuti mukonze," anatero bambo, osakwiya n'komwe. "Tandiuzani. M'buku lachiwirili akumba?"

"Akumba, agogo."

"Apeza chiyani?"

A Allan anandiyang'ana ine, kenaka anayang'ana nsapato zawo. Ine ndinamva yankho lonse pamenepo. Iwo anati, "Lasindikizidwa kale, agogo. Lili m'makatoni." Anapita kugalimoto, n'kubwera ndi buku limodzi, n'kuliika m'manja mwa bambo ndi manja awiri. Anapepesanso kawiri konse. Koma nthochi anaijambulabe asanapite.

Bambo analinyamula okha mpaka kunyumba, atalipanira pachifuwa. Analinunkhiza, analisisita, anandifunsa mtundu wa chikuto. Kenaka anakhala pampando wawo pakhonde n'kunena kuti, "Werenga."

Ndinasiya malonda, ndinkawerenga masana onse. Gibson wa m'buku lachiwiri anali woipa kuposa woyamba. Tsopano anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Hannah, wobadwa iye atabwera kale kuchokera kumanda. Bambo ankamvetsera mutu uli pansi, ndipo pakafika poipa ankati, "Pitiriza, akukonzera pomaliza." Madzulo aliwonse ndinkafuna kuthamangira kumapeto kuti ndione ndekha, koma ankagona nalo kumutu.

Titafika pokumba manda, maso anga anathamanga kutsogolo kwa pakamwa, ndipo ndinaona zomwe zikubwera. Ndinakhosomola, n'kuyamba kupeka. Ndinati anthu aja anapeza nthochi yowola, anayang'anana mwamanyazi. Sindinafike patali.

"Zelesi."

"Bambo."

"Ukamawerenga mawu ako amayenda ngati ngolo pamsewu. Pano akudumphadumpha. Ndakhala ndikunamizidwa ndi anthu ophunzira, usawonjezerepo iwe. Werenga zomwe zalembedwa."

Ndinawerenga. Anthu aja anakumba n'kupeza thunthu la nthochi lili laliwisi, lofunda, likugunda ngati mtima. Atalitema ndi khasu linatuluka magazi, ndipo kumudzi Gibson anakuwa. Amuna onse anathawa. Yemwe anatola khasu n'kumaliza ntchitoyo anali Hannah, mwana wake, akulira kuti bambo ake enieni adafera kumgodi ndipo chinthu chomwe chidamulera si munthu. Ndinawerenga mawu amenewo ndi pakamwa panga, kwa bambo anga, pakhonde lomwe adandiphunzitsirapo kuyenda. Nditamaliza ndinaliponya pabwalo bukulo, nkhuku n'kubalalika, ndipo ndinalira mokweza ngati pamaliro.

Bambo sanalire. Anaika manja pamawondo. Kenaka anati, "Katole, ndi la eni ake lija, tidangopatsidwa." Nditatola anati, "Mawa upite kwa a Eliya. Uwauze kuti ndavomera. Akumbe, anthu aone ndi maso awo."

Ndinawauza kuti nthawi yake idapita, kuti tingosalaza mwakachetechete. Anakana. Anati adikira kukumba kumeneku moyo wawo wonse, ndipo ngati buku lalephera, khasu silinama.

Chilolezo chokumba manda chinapezeka mosavuta, mwina mosavuta kwambiri. Pofika tsikulo bukulo linali litafika kale m'manja mwa anthu, ndipo mbiri inali itayenda pamafoni kuti ku Mlangeni akukumba manda a Gibson weniweni. Kunabwera anthu omwe sindidawaonepo, ena panjinga zamoto kuchokera ku Kandeu, ena atakwera m'mitengo. Wina anabwera ndi zitumbuwa zogulitsa, kumanda! Bambo anaima kutsogolo, jekete lili pathupi, kachitini kali m'manja.

Adzukulu anagwetsa nthochi zonse, n'kuzula zitsa. Inali ntchito, poti phatalo linali litakula kuposa khola la mbuzi. Kenaka anayamba kukumba. Dothi lakuda linatha, linayamba lofiira. Khasu linagunda chitsulo, anthu n'kukuwa, ena kuthawa. Inali mbale ija, yadzimbiri, yobooka pansi. Anapezanso mabatani a jekete. Anakumba mpaka m'chiuno, kupitirira pomwe adalekeza akale aja. Munalibe china chilichonse. Nanga thunthu la nthochi lingakhale m'dothi zaka makumi asanu? Lidaola ine ndisanabadwe. Tonse tinkadziwa zimenezi, alimi okhaokha, koma palibe adaziganizira, ngakhale ine wapakamwa.

Kenaka mnyamata wina wonyamula foni m'mwamba anakuwa kuti, "Mulibe! Manda ali pululu! Adatulukadi!"

Mawu aja anayenda m'gulu lonse ngati moto wolusa. Ndinaona amayi akukoka ana awo. Ndinatukwana tsiku limenelo, ndinatchula ndi zosatchula, pamaso pa abusa, ndipo sindinapepese mpaka lero. Bambo anangoti, "Ndipatseni mbale yanga." Anaipapasa m'mbali monse, n'kulowetsa chala pobooka paja. Anati adagula ku sitolo ya pamgodi ndi malipiro awo oyamba.

Ndinauza adzukulu kuti akwirire tizipita. Palibe anagwira fosholo. Onse anayang'ana a Eliya, ndipo a Eliya anayang'ana pansi, akupotokola chipewa m'manja. Anasendera pafupi ndi bambo n'kulankhula motsitsa, koma ine ndinamva.

"ANyoni, mundikhululukire. Mwambo mukuudziwa. Dzenje la manda silikwiriridwa lopanda kanthu, ndipo siligona lotsegula. Likatero limaitana munthu. Anyamatawa sangalole."

"Ndiye mukuti bwanji?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

"Tiyenera kuikamo nthochi, mayi."

Kalanga ine! Ndinafuna kuwalumphira nkhalamba imeneyo. Bambo anandigwira nsalu. Anaima nkhope atalozetsa komwe kunali dzenje, mphepo ikuwombetsa jekete. Sindikudziwa zomwe zinkayenda m'mutu mwawo. Atatsegula pakamwa, mawu awo anali wamba, ngati akufunsa mtengo wa feteleza.

"A Eliya, ulendo uno chikwanje mwabwera nacho?"

"Ndabwera nacho, aNyoni."

"Dulani nokha. Musatume mwana."

A Eliya anasankha thunthu limodzi mwa zomwe zinagwetsedwa, n'kulidula mbali zonse ziwiri. Bambo anati alibweretse. Anandipatsira mbale, n'kugwada movutikira, n'kupapasa podulidwapo ndi zala zawo, uku ndi uku, pang'onopang'ono, kufufuza ngati patsala kamuzu. Atakhutira anadzuka n'kupukuta utomoni pajekete lomwe ndidawachapira lija.

"Ikani," anatero.

Panalibe nyimbo, panalibe pemphero, poti abusa sanadziwe kuti apempherere ndani. Kunkangomveka mafosholo. Bambo anaima pompo mpaka dothi lomaliza, akumvetsera maliro awo achiwiri, pambali pa manda a mkazi wawo. Anthu anayamba kubalalika, ena akuonetsana zomwe ajambula.

Pobwerera ndinawadutsitsa njira ya m'mbali, ya pansi pa mitengo ya bulugamu, kuti apume dzuwa ndiponso kuti tizembe maso a anthu. Tinayenda pang'ono, iwo n'kuima. Anamva kuzizira pankhope.

"Zelesi, tili mumthunzi?"

"Eya, bambo. Palibe akutiona kuno."

"Nditulutse."

Ndinawagwira mkono n'kuwatsogolera pakati pa msewu.